Funsani Azakhali: Mkamwini wagula tupa

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 54, ndimakhala ku Kafue Estates. Amuna anga anagwira ntchito ya ufitala ku fakitale ya feteleza mpaka anapuma. Ndalama za penshoni tinatsegulira golosale, komanso timagula nsomba ku Chanyanya n'kumakagulitsa ku Lusaka. Chifukwa choyenda ndi ndalama m'bandakucha, abambo anatenga pisitolo, ndipo amati mapepala ake onse alipo. Koma mfutiyo yakhala zaka m'sutikesi kunsi kwa bedi, yokulungidwa m'chitenje changa chakale. Mwezi watha anapita nayo ku famu ya mnzawo kukayesa, n'kubwerako nkhope ili gwaa. Akuti anaika chitini pachitsa, koma pa zipolopolo zonse zimene anawombera palibe ndi chimodzi chomwe chinachikhudza. Akuti mpope wake watha. Tsono mnzawo wina woyendetsa thiraki ya ku Joni walonjeza kuwabweretsera mpope watsopano, ataubisa m'zipangizo za galimoto. Abambo agula kale tupa, usiku uliwonse ali pa YouTube kuonera azungu akupala zitsulo, ndipo akuti adzauika okha patebulo lathu lodyerapo. Ndikawafunsa amangoti, "Iwe, ine ndamasula mapampu aakulu kuposa nyumba ino, kachitsulo aka kangandivute?" Pakhomo pano pali adzukulu atatu. Azakhali, ndiwaleke achite?

Wosowa Tulo, Kafue Estates

Mwana wanga Wosowa Tulo,

Nditafika pa mawu akuti mpope wa abambo watha, ndinavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuvalanso. Ndimayesa ndi nkhani zija zimadzaza thumba langa la makalata mlungu ndi mlungu, moti ndinatsala pang'ono kukuuza kumene amagulitsa gondolosi wosasakaniza. Kupitiriza kuwerenga, ndiye ndapeza kuti ndi mfuti yeniyeni, yolira. Chabwino. Khala pansi. Ukamaliza kuwerenga, tsambali ulisiye poti mkamwini wanga alipeze yekha, chifukwa amuna a msinkhu wake malangizo amawamva bwino akamayesa kuti awatola okha.

Tiyambe ndi chitini chija. Munthu wapuma pantchito, mfuti wakhala zaka osaigwira, wapita ku famu, wawombera, chitini chili phee pachitsa, ndiye wolakwa akhale mpope? Tandiuza, uthenga wa pafoni abambowa amauwerenga bwanji masiku ano? Si aja amatambasula mkono mpaka foni ifike ku Shikoswe kuti zilembo zioneke? Kulunjika ndi pisitolo n'kovuta kuposa kulunjika ndi mfuti yaitali. Tizizindikiro tiwiri toyang'anirapo tili pafupi kwambiri, choncho dzanja likangonjenjemera pang'ono, kapena chala chikakoka mwaukali, chipolopolo chimakagwera kwa eni ake. Anyamata ndi atsikana ophunzira upolisi ku Lilayi, pamsewu womwewu wopita ku Lusaka, amawombera mobwerezabwereza mphunzitsi ali pambali asanaizolowere. Komanso mpope wa pisitolo sutha msanga. Umapirira zipolopolo masauzande ambirimbiri. Mkamwini wanga, amene mwina bokosi limodzi la zipolopolo lamukhalira kuchokera nthawi ya a Mwanawasa, sangauthe ngakhale atabadwa kawiri. Ndalama ya tupa ija ikanapita kwa dokotala wa maso.

Komabe ndisamunyoze mopitirira, mwina mpopewo ulidi ndi vuto, ndipo ngati lilipo, chitenje chako chili ndi mbali yake. Inu a ku Kafue mumagona m'mphepete mwa mtsinje. Nyengo ya mvula chinyontho chimalowa paliponse, mchere umanyowa m'botolo, nsapato zimamera nkhungu kuseri kwa chitseko. Nsalu imamwa chinyonthocho n'kuchisunga pachitsulo usana ndi usiku. Mfuti yogona m'nsalu zaka, yosapukutidwa, yosapakidwa mafuta, imachita dzimbiri mkati, ndipo dzimbirilo limakumba timaenje. Nthawi zina si dzimbiri n'komwe, ndi litsiro chabe la wonga ndi zotsalira za zipolopolo, lomwe mmisiri amalichotsa tsiku limodzi. Choopsa kwenikweni ndi china. Chipolopolo chakale, chomwe wonga wake wanyowa, chimatha kulira mofooka n'kukakamira pakati pa mpope. Munthu akapanda kuzindikira n'kuwomberanso, chachiwiricho chimagunda chinzake, mpope n'kutupa kapena kung'ambika. Ngati ku famu kuja abambo anamva kulira kwachilendo, kofooka, kapena ngati pampope pali potupa, mfutiyo asaiwomberenso ngakhale kamodzi. Woti anene kuti vuto ndi liti mwa amenewa ndi mmisiri wa mfuti wovomerezeka, atauyang'ana mkati ndi zida zake. Si mkamwini wanga ndi tochi ya pafoni.

Tsopano za mapampu aakulu kuposa nyumba. Ufitala wake sindikuukana. Fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia ndi ya nsalu ija ya Kafue Textiles ndi zimene zinakuza tauni yanuyo m'zaka za m'ma 1970, ndipo nyumba za ku Estates mukukhalazo zinamangidwa chifukwa cha antchito a m'mafakitalewo. Amuna amene ankasamala makina kumeneko anali amisiri enieni, ndipo ndimawavulira duku. Ndiye ndilankhule naye m'chinenero chake. Mkamwini, inu mumadziwa geji. Tayala la galimoto yanu yonyamulira nsomba mumalipopa mabaa awiri ndi theka, osapitirira apo. M'mafakitale opanga ammonia, malo amene mumayenda mwaulemu mutavala chipewa cholimba, mpweya umapanikizidwa mabaa mazana ochepa. M'chipinda cha mpope wa pisitolo ya 9mm, panthawi imene wonga ukuyaka, mphamvuyo imatha kufika mabaa 2,350. Kuwirikiza tayala lanu pafupifupi ka 1,000, ndipo zonsezi zikuchitika m'dzanja mwanu, patsogolo pa nkhope yanu. Kufakitale, chitsulo chosunga mphamvu yochepera apo mukanalola kuti mwana wa sukulu ya YouTube achipale ndi tupa ya kumsika? Mukanamuthamangitsa pageti.

Ndibwerere kwa iwe, mwana wanga, ndikufotokozere chimene abambo akuona m'mafilimu aja koma osachimvetsa. Anthu ambiri amayesa kuti mpope wa pisitolo ndi paipi chabe yomwe chipolopolo chimadutsamo, yoti ukazula yakale n'kulowetsa ina basi zatha. Ayi. Mapisitolo ambiri a masiku ano amatsata nzeru ya John Browning, Mmereka amene anapanga Colt ya 1911, amenenso anayamba ntchito ya Hi-Power yomwe inatuluka ku Belgium mu 1935 iye atamwalira kale. M'mfuti za mtundu umenewu mpope umayenda. Chipolopolo chikamalira, mpope ndi chitsulo cha pamwamba chija chimabwerera m'mbuyo, chomwe eni ake amati slide, zimakhala zitakolana. Zimabwerera limodzi pang'ono pokha, kenako kumbuyo kwa mpope kumatsika, n'kumasuka, slide n'kupitirira yokha, kutaya chigoba chopsa, kutenga chipolopolo china m'magazini, n'kubwerera kukakolananso ndi mpope. Zonsezi zimatha diso lisanaphethire. Kukolana kumeneko ndi kumene kumatsekera moto uja mkati mpaka chipolopolo chitatuluka.

Ndiye taganiza. Mpope ukathina, mfuti sitsekeka bwino, ndipo imatha kukanirira pa tsiku lomwe mwini wake akuifuna kwambiri, kapena kulira isanatsekeke, chigoba n'kuphulikira kumbuyo, moto n'kutsikira m'magazini momwe muli zala. Ukakhwepa, zitsulo zimamenyana pa kuwomba kulikonse mpaka china chithyoke, ndipo chitini chija chidzakhalabe phee pachitsa. Kusiyana kwa kuthina ndi kukhwepa n'kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi la m'mutu mwako. Amisiri a mfuti ali ndi zoyezera zawozawo, ndipo amaphunzira zaka kuti adziwe poyenera kukhudza ndi posayenera. Chitsulo chikapalidwa sichibwerera. Ndikumudziwa mkamwini wanga ngakhale sindinamuonepo: adzapala pang'ono, n'kuyesa, n'kupalanso, magetsi n'kuzima pakati pa ntchito, iye n'kupitiriza ndi kandulo chifukwa mwamuna sagonja.

Adzakuuza kuti pali mipope ina yongolowetsa, yosafuna tupa. Ilipodi, amaigulitsa. Koma ngakhale imeneyo mmisiri amaiyeza asanalole kuti iwombedwe, chifukwa mfuti ziwiri za dzina limodzi zimatha kusiyana pang'ono malinga ndi chaka ndi fakitale. Ndipo pali mapisitolo ena, monga Makarov ya ku Russia ndi Walther PPK ya ku Germany, omwe mpope wake unakhomeredwa m'thupi la mfuti, woti patebulo lodyerapo sungachoke popanda kuwononga zinthu. Kodi iwe ukudziwa kuti ya abambo ndi iti? Nanga dalaivala uja? Adzalowa kwinakwake ku Johannesburg n'kunena kuti akufuna mpope wa "nayini". Nayini ali mitundumitundu, mwana wanga. Pali 9x19 ya Georg Luger, yomwe yakhalapo kuchokera kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, pali 9x18 ya Makarov, palinso 9x17 yomwe ena amati .380. Onsewo ndi nayini pakamwa, koma sabwerekana mpope.

Mayiko amene akhala akupanga mfuti kwa nthawi yaitali anaphunzira zimenezi ndi zala za anthu. Ku London kuli nyumba yoyesera mipope kuchokera mu 1637, ku Birmingham kuchokera mu 1813. Mfuti isanagulitsidwe amaiwombera ndi chipolopolo champhamvu kuposa cha masiku onse, munthu ali patali, ndipo ikapirira amadinda chizindikiro pachitsulo. Mpope wobwera m'bokosi la masipanala, wosadziwika kwawo, woyamba kuuyesa adzakhala mwamuna wako ndi dzanja lomwe amadyera nsima.

Izo ndi za zala. Tsopano za ndende, chifukwa ndi kumene nkhaniyi ikulowera.

Mafilimu amene abambo akuonera ambiri ndi a ku America. Kumeneko malamulo a dziko lonse amawerenga thupi la pisitolo kuti ndiyo mfuti, ndipo m'madera ambiri mpope munthu amauitanitsa pa intaneti n'kumufikira pakhomo. N'chifukwa chake mzungu wa ndevu uja amamwetulira pakamera, mtima uli m'malo. Ife kuno si ku Texas. Ku Zambia kuli lamulo la mfuti, Firearms Act, mutu 110 wa malamulo a dziko, lomwe linakhazikitsidwa mu 1969, ndipo potanthauzira chomwe chili mfuti silisiya mpope kunja. Kulowetsa mfuti m'dziko kumafuna chilolezo. Kukonza mfuti ngati ntchito n'kwa ogulitsa mfuti olembetsedwa. Layisensi ya abambo ndi ya mfuti imodzi yodziwika, yolembedwa mtundu wake, kukula kwa chipolopolo chake ndi nambala yake, ndipo zonsezo zili m'kaundula wa mfuti wa apolisi. Kupezeka ndi mfuti yopanda layisensi ndi mlandu wokhalitsa munthu m'ndende mpaka zaka 15. Werengera wekha kuti wamkulu mwa adzukulu akowo adzakhala ndi zaka zingati agogo ake akamadzatuluka.

Ku South Africa komwe mpopewo ukuchokera ndiye kolimba kuposa. Lamulo lawo la 2000, Firearms Control Act, limanena poyera kuti mpope pawokha ndi mfuti. Sitolo yovomerezeka singaupereke kwa dalaivala wodutsa amene alibe mapepala. Ndiye ngati mnzawo wa abamboyo ali ndi poupeza, dzifunse kuti ndi poti, ndipo mpopewo unazulidwa pamfuti ya ndani, itachita chiyani. Makampani ambiri a ku Ulaya, monga Glock ya ku Austria, amadinda nambala pampope, pa slide ndi pathupi la mfuti. Wapolisi akadzaona pisitolo ya mkamwini wanga ili ndi nambala ina pathupi, ina pampope, sadzafunsa za chitini. Mayiko a SADC anasainirana pangano lothana ndi kuzembetsa mfuti ku Blantyre mu August 2001, ndipo kudinda ndi kulemba manambala a mfuti ndi mbali yaikulu ya panganolo. Thirakiyo idzadutsa pa Beitbridge, idutse Zimbabwe yense, ifike pa Chirundu, pomwe kuchokera mu 2009 maofesala a mayiko awiriwo amagwirira ntchito pamalo amodzi. Akaupeza mpopewo pamenepo, ukuganiza kuti dalaivalayo adzafa yekha? Khoswe wa padenga anaulula wa padzala. Dzina loyamba kutuluka pakamwa pake lidzakhala la abambo a kwanu, ndi nambala ya nyumba, ndi mtundu wa geti.

Tsono sendera pafupi, ichi ndikunong'oneze. Sindikuti mkamwini wanga wachita kanthu. Munthu wolephera chitini sindingamuganizire zazikulu. Koma apolisi dziko lonse lapansi amadziwa chifukwa chimodzi chomwe anthu amasinthira mpope mobisa. Mkati mwa mpope muli tinjira tokhotakhota tozunguza chipolopolo kuti chiyende mowongoka, ndipo tinjirato timasiya zipsera pachipolopolo chilichonse chodutsamo. Akatswiri amayerekeza zipserazo pa maikulosikopu n'kudziwa mfuti yomwe inalira. Luso limeneli si la dzulo: Calvin Goddard analigwiritsa ntchito pofufuza kuphedwa kwa anthu 7 ku Chicago mu February 1929. Akuba amayesa kuti akasintha mpope ndiye afufuta mapazi, kuiwala kuti chigoba chotayidwa pansi chimanyamulanso zipsera za zitsulo zina za mfutiyo. Choncho munthu wosalakwa akasintha mpope mwakachetechete, amadziveka yekha malaya a wolakwa. Ndipo mpope wobwerawo ukakhala kuti unalirapo pa munthu ku Hillbrow, mlandu wakewo wasamukira kunsi kwa bedi lako. Mlandu suola, mwana wanga.

Funso lina limene abambo sanaliganizire: wakalewo adzautaya kuti? Ku Kafue chitsulo sichigona pansi. Anyamata otola zitsulo zakale zokagulitsa kwa osungunula amafukula ngakhale kudzala. Mpope wadzimbiri womwe mkamwini wanga akuti watha, kwa munthu wa maganizo oipa ndi chuma, ndipo ukadzapezeka pamalo oipa, nambala yake idzaloza kwanu. Kuba ndi mfuti ku Zambia unali mlandu wa imfa mpaka December 2022 pamene a Hichilema anasaina lamulo lothetsa chilango chonyonga, ndipo lero ndi ukaidi wa moyo wonse. Si nkhani yomwe munthu wa golosale angafune kuti dzina lake limvekemo, ngakhale ngati mboni chabe.

Uchite chiyani tsono? Usalimbane naye pamaso pa ana, ndipo usamuuze kuti sangathe. Mwamuna wopuma pantchito ukamuuza kuti sangathe, ndiye wamupatsa ntchito. Dzulo anali ndi anyamata omuitana kuti bwana, lero akuwerenga mabanzi m'golosale, ndipo kachitsulo aka ndi komwe kakumukumbutsa kuti manja ake anali a mtengo wapatali. Ndiye lowera pomwepo. Muuze kuti mmisiri ngati iye amadziwa kuti ntchito iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo kuti iwe ungakonde kumva zomwe amisiri awiri angakambirane. Apite ku polisi ya Kafue ndi buku lake la layisensi, akafotokoze kuti mfuti yake ikufunika kuonedwa, amuuze njira yake. Kenako aitengere kwa wogulitsa mfuti wolembetsedwa ku Lusaka. Si kutali, minibasi zimapita ndi kubwera tsiku lonse, ngakhale ine ndingakonde kuti apite pa galimoto yake, mfuti ili yopanda chipolopolo, yotsekeredwa bwino, mapepala ali m'thumba. Mmisiri akanena kuti mpope ndi wabwino, abambo abwerako ndi mfuti yoyera ndi manyazi pang'ono. Akanena kuti wathadi, mmisiriyo ndi amene adziwe kuitanitsa wina mwa lamulo, kuuika, kuuyesa, kulembetsa kusinthako, ndi kuonetsetsa kuti wakalewo wapita koyenera. Zidzadula kuposa za dalaivala, inde. Mwina adzapeza kuti kugula mfuti ina mwa lamulo, kapena kungoipereka n'kupuma, n'kotchipa. Loya ndi wodula kuposa zonsezi.

Ndaona kuti walemba kuti "amati" mapepala alipo. Iwe unawaona? Layisensi ya mfuti si satifiketi ya ukwati yoti ukasaina kamodzi ndiye mpaka imfa. Imatha pakapita zaka zitatu, ndipo imafuna kukonzedwanso. Mwamuna amene waiwala mfuti m'chitenje mpaka dzimbiri ndikukayika ngati amakumbukira tsiku lokakonzetsa layisensi ku khonsolo. Tsegula bukulo uone deti lomaliza. Ngati linadutsa, imeneyo ndiye ntchito yoyamba, mpope ubwere pambuyo.

Ndipo iwenso sindikusiya. Wandilembera za tupa, za thiraki, za tebulo lodyerapo, koma chimene chandisowetsa tulo ine wachiika kumapeto ngati ndiwo zotsala: adzukulu atatu ndi sutikesi kunsi kwa bedi. Ukuganiza kuti anawo sadziwa? Ana amadziwa pomwe umabisa shuga, pomwe umabisa ndalama za chilimba, ndi pomwe agogo awo amabisa kabotolo kaja amati ndi mankhwala a chifuwa. Sutikesiyo anaitsegula kalekale tsiku lomwe unapita ku maliro. Pisitolo ya magazini ili ndi msampha womwe wapha anthu ambiri: munthu amachotsa magazini n'kuyesa kuti mfuti ilibe kanthu, pamene chipolopolo chimodzi chatsala m'chipinda cha mpope. Akuluakulu ophunzitsidwa amalakwitsa pamenepa, nanji mwana wa giredi 4. Lero lomwe, dzuwa lisanalowe, mfutiyo ichoke m'chitenje. Ikhale m'bokosi lachitsulo lokhoma, lomangiriridwa kukhoma, zipolopolo pena, kiyi pathupi la mwini wake. Apa ndiye mkamwini wanga aonetse ufitala wake wonse. Ayeze khoma, aboole, amange mabawuti, atukwane simenti, aitane anzake adzaone. Tupa yatsopano ija apalire m'mphepete mwa bokosilo kuti musamacheke zala.

Za ndalama za nsomba, kodi ku Chanyanya mobile money sinafike? Asodzi a pa Kafue Flats ali ndi mafoni kuposa ine. Munthu woyenda ndi foni m'malo mwa mpukutu wa makwacha m'sokosi sasowa kwambiri pisitolo, makamaka pisitolo imene ikamafunika ili kunyumba kunsi kwa bedi. Koma limenelo usalitchule sabata ino. Mwamuna samulanda zidole ziwiri tsiku limodzi.

Azakhali ako

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 23 wa ku Zambia Compound. Atate anamwalira chaka chatha. Posesa m'nyumba tinapeza gogodera ya agogo ndi pisitolo ya atate, pamodzi ndi buku la layisensi la dzina lawo. Amalume akuti mfuti ndi za banja, ndizisunge ine monga mwana wamwamuna woyamba. Chibwenzi changa chikuti ndikaigwira ndimaoneka ngati wa m'filimu. Poti layisensi ilipo, palibe vuto, eti?

Woyamba Kubadwa, Zambia Compound

Mwana wanga Woyamba Kubadwa,

Pepa ndi maliro a atate ako. Koma "eti" wakoyo ndikumubweza. Layisensi ili m'dzina la munthu amene ali kumanda, ndipo siilowa chokolo. Jekete la atate ungavale, njinga yawo ungakwere, ngongole zawo amalume akusiyira ndithu, koma pisitolo imeneyo pakali pano ili m'manja mwa munthu wopanda chilolezo, ndipo munthuyo ndiwe. Gogodera ya agogo nayonso lamulo limaiwerenga. Usaiyese n'komwe kuiwombera: chitsulo chake n'chakale, ndipo zina zimapezeka zili ndi wonga womwe unathiridwa mwini wake akali moyo.

Amalume akunena zoona kuti ndi katundu wa banja. Ndiye banja lichite za banja: amene anasankhidwa kuyang'anira chuma cha masiye apite ku polisi ndi buku la layisensi ndi chikalata cha imfa, akanene kuti malemu anasiya mfuti ziwiri. Mukapite manja ali m'thumba, mfuti zitsale kunyumba zokhomeredwa, apolisi ndiwo anene mmene zifikire kumeneko. Osati iwe kukwera minibasi ndi gogodera m'thumba la ufa, kondakitala n'kukuwa, anthu n'kutulukira m'mawindo. Zikasungidwa kumeneko, ngati ukuifunadi pisitoloyo, zaka 21 unadutsa, upemphe layisensi m'dzina lako monga wina aliyense, ukafotokoze chifukwa chomveka. "Chibwenzi chimandikonda nayo" sichilembedwa pafomu. Ngati banja silikuzifuna, zisiyeni komweko. Bungwe la African Union linasankha mwezi wa September chaka chilichonse, kuyambira mu 2017, kukhala nthawi yolimbikitsa anthu kupereka mfuti zosaloledwa, koma iwe usadikire September.

Chithunzi chomwe chibwenzi chako chinakujambula uli nayo m'manja, ndikudziwa kuti chilipo, usandinamize. Chichoke pa Facebook ndi pa WhatsApp usiku uno. Ndipo mtsikanayo umufunse kuti mafilimu amene amaonerawo, mnyamata wa mfuti uja amafika kumapeto kangati. Akapanda kuyankha bwino, undilembere kalata ina, imeneyo ndiye ntchito yanga yeniyeni.

Azakhali ako